Za Tchati cha Zolakwa ndi Wokatiyankhulira ku Matero

KOMITI YA KALABU YA CHINGEREZI, SUKULU YA SEKONDALE YA TIYESEKO, CHAWAMA

Tsiku: Lachitatu, 12 Juni 2024
Malo: Kalasi ya 11B
Opezeka: Dingani Chirambo (Wapampando), Taonga Mbewe (Wachiwiri), Bwembya Chisanga (Wowerenga Zolakwa), Firdaus Majidi (membala, Giredi 12), Chabwera Nkhoma (Mlembi)
Osapezeka: Mayi Kamanga, aphunzitsi otiyang'anira (anapepesa, akuchonga mayeso)

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 14:30. Anakumbutsa mamembala kuti msonkhano wapita unachitika m'Chingerezi monga mwa malamulo a kalabu, ndipo unatha mphindi makumi anayi popanda chogwirizana, chifukwa aliyense akati atsegule pakamwa ankayamba wayang'ana kope la Bwembya. Onse anavomereza kuti lero tiyankhule Chinyanja. Mawindo anatsekedwa, popeza ana a Giredi 8 amene tinawapatsa chilango pa mlandu womwewu woyankhula Chinyanja anali akusesa pakhonde.

2. Lipoti la Wowerenga Zolakwa

Bwembya anati kuyambira Januwale wakhala akuika kamzere m'kope nthawi iliyonse membala wa kalabu akalakwitsa Chingerezi, kaya m'kalasi, pa asembule kapena pamzere wa pampopi. Pa timizere timeneti Wapampando anapanga tchati cha magulu atatu. Anakachimatitsa pulasitiki ku Kamwala ndipo anachionetsa kale kwa ahedi.

Wapampando anafotokoza maguluwo. Anati kwa a Gulu la Pansi zonse zimachitika lero: za dzulo ndi za chaka chatha amazinena ngati zikuchitika pompano, ndipo chiganizo amachiyamba ndi "me I". A Gulu la Pakati adziwa kuti dzulo liliko, koma amamata mchira umodzimodzi wa "-ed" pa mneni aliyense, woufuna ndi wosaufuna yemwe, n'kutsekera ndi "isn't it". A Gulu la Pamwamba ndi amene Chingerezi chawo chilibe banga. Taonga anafunsa kuti a Pamwambawo amayankhula motani. Wapampando anati iye sanawamvepo bwinobwino, koma manambala sanama.

Bwembya anawerenga manambala. Taonga ali ndi timizere 90. Wapampando ali ndi 58. Tinali 74, koma 16 tinafufutidwa iye atadandaula kuti chimenecho chinali Chingerezi cha ku Amereka. Firdaus ali ndi 312, ndipo ndiye womaliza pa tchati. M'Gulu la Pamwamba muli anthu awiri opanda kamzere n'kamodzi komwe: Mlembi ndi Enos Sakala.

3. Wokayankhula ku Matero

Wapampando analengeza kuti mpikisano wa mtsutso wa masukulu udzachitika ku Matero Loweruka pa 15 Juni. Sukulu iliyonse itumiza woyankhula mmodzi, ndipo woyankhulayo alandira satifiketi. Fomu yolembetsera iyenera kufika mawa. Anati malinga ndi tchati, wopita ndi Mlembi.

Firdaus anakana. Anati wakhala akukonzekera mpikisanowu kuyambira Epulo, ndipo bambo ake anamulola movutikira kuti Loweruka limenelo asapite kushopu yawo yosokera ku Kamwala. Chino ndi chaka chake chomaliza, ndipo satifiketiyo akufuna kuiphatikiza pa kalata yofunsira malo kukoleji ya utolankhani. Anapempha kuti mawu otsatirawa alembedwe monga anawanenera: "Ba Chair, uyu Chabwera chaka chonse akamba chabe 'present, madam'. Azalakwa bwanji? Ine nilakwa chifukwa niyesa vinthu vitali. Wamene sakwela njinga sagwa."

Anaonjezera kuti timizere take tambiri timabwera akamayesa ziganizo zonga "ndikanadziwa, ndikanachita chakuti", za mfundo ziwiri kapena zitatu, zimene ena onse m'kalabu amazilambalala. Atafunsidwa, Bwembya anavomereza kuti zolakwa za Firdaus za mu Januwale zinali za Gulu la Pansi, koma za kuyambira Meyi ndi za mtundu umene iye mwini sakuudziwa bwino. Amaikabe kamzere chifukwa zimamveka zachilendo.

Wapampando anati mfundoyo yamveka, koma tchati chili m'pulasitiki ndipo sichingalembedwenso. Analangiza Firdaus kuti akhale chete mpaka kutseka kwa teremu kuti manambala ake asakwerenso, ndipo mwina chaka chamawa angaganiziridwe. Firdaus anamukumbutsa kuti chaka chamawa adzakhala atamaliza sukulu. Mawu ena amene ananena, okhudza mutu wa Wapampando, Taonga anapempha kuti asalembedwe.

Taonga anati munthu wosankhidwayo sanafunsidwe n'komwe, ndipo anafunsa Mlembi ngati akuvomera kupita. Mlembi anapempha kuyankha m'Chingerezi, ndipo analoledwa. Anaimirira nayankhula kwa mphindi zinayi. Anati sakufuna kupita. Anati Chingerezi amachikonda, ndipo m'mutu mwake mawu amaima pamzere bwinobwino, koma akafika pakamwa amakankhana ngati anthu olimbirana minibasi yomaliza ya ku Chawama mvula ikubwera. Anati akakaima pamaso pa anthu ku Matero, sukulu idzachita manyazi. Bwembya anaika timizere 37, kenako pensulo inathyoka. Wapampando anagamula kuti Mlembi watsika kupita ku Gulu la Pakati kuyambira nthawi yomweyo, ndipo anamudzudzula kuti wakhala akunamiza tchati kwa miyezi isanu.

Wapampando anati tsono wotsala ndi Enos Sakala. Taonga anakumbutsa komiti kuti Enos anasamukira ku Kabwe kwa amalume ake mu Febuluwale. Wapampando anati dzina lake likadali m'kaundula wa kalabu, ndipo tchati sichifunsa kumene munthu akukhala.

Panali kukambirana kwakutali. Pamapeto pake Wapampando anabweretsa ganizo ili: sukulu iimiridwe ndi Enos Sakala, koma popeza Enos sangapezeke, Firdaus akayankhule m'malo mwake. Fomu ndi satifiketi zikhale m'dzina la Enos, kuti ahedi akaziyika pafupi ndi tchati zigwirizane.

Firdaus anati: "So ine nikambe, pepala itenge munthu ali ku Kabwe?" Wapampando anayankha kuti imeneyo ndiyo ndondomeko. Firdaus anafunsanso kuti oweruza akaitana Enos n'kuona mtsikana wa mpango kumutu akuimirira, adzati chiyani. Wapampando anati oweruza amayang'ana galamala.

Ganizoli linavoteredwa. Ovomera: Wapampando, Bwembya, ndi Taonga, amene anati sanadye kuyambira m'mawa ndipo akungofuna msonkhano uthe. Okana: Firdaus ndi Mlembi. Ganizo linadutsa. Firdaus anati apita ndithu, chifukwa wakonzekera.

4. Zina ndi Zina

Bwembya anapempha pensulo ina ndi kope lokulirapo. Nkhaniyi inasiyidwira Mayi Kamanga.

Taonga anadandaula kuti m'kalasi mwatentha. Wapampando anasuzumira pakhonde, ndipo ataona kuti a Giredi 8 apita, analola kuti windo limodzi litsegulidwe.

Wapampando anasaina fomu ya mpikisano ili yosalembedwa, popeza ankathamangira ku tuishoni, maphunziro ake apadera. Analamula Mlembi kuti ailembe ndi kukaipereka ku Matero mawa m'mawa asanalowe m'kalasi.

Kuti pasadzakhale wina wonamiziridwa, zilembedwe pano kuti fomuyo Mlembi anailemba yekha, ena onse atatuluka. Anailemba ndi bolopeni, ndipo pamzere wa dzina la woyankhula analembapo Firdaus Majidi. Firdaus sanamupemphe ndipo sakudziwa. Komiti ikaona kuti pali mlandu, ndi wa Mlembi.

5. Msonkhano Wotsatira

Udzachitika Lachitatu pa 26 Juni 2024, m'kalasi yomweyi. Monga mwa malamulo a kalabu, zolembedwazi zidzawerengedwa koyamba tsiku limenelo, patapita masiku khumi ndi limodzi mpikisano utachitika.

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 16:05.

Wapampando: ....................

Mlembi: Chabwera Nkhoma