Ndakumana ndi Mdzukulu wa a Nachisale

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wayamba kupepuka. Ine kuno ku Doha ndili bwino, kungoti dzuwa lake ndi losasewera nalo.

Lachisanu lapitali pa geti ku Al Waab anandipatsa mlonda mnzanga watsopano, Bambo Zulu a ku Chipata. Nditatchula kwathu ku Mchinji, iwo anati, "Agogo anga anali kalaliki wamkulu wa khoti kumeneko nthawi ya atsamunda. Anadana ndi alamu awo, womasulira, polimbirana mpando woyandikana ndi woweruza."

Azakhali, womasulirayo ndi bambo anu! Paja Mzungu woweruzayo, pothetsa mkanganowo, anangosamutsira kalalikiyo ku Chipata pamodzi ndi mkazi wake, azakhali anu a Nachisale, omwe sanabwererenso. Bambo Zulu akuti mayiwo anamwalira akufunsabe ngati achimwene awo mtima unaphwa. Tinalira tili mu yunifolomu, magalimoto akuimba hutala kuti titsegule.

Chonde, mukapita kukalambula kumanda, mukawauze bambo anu, agogo anga, kuti mlongo wawo sanawasungire chakukhosi. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Lemani