Akuti ndipente chule wanga kuti andilembe ntchito

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 29, kalipentala wa ku Namitete. Nditamaliza maphunziro, mlongo wanga wa ku Joni ananditumizira dirilo ya batire, makina oboolera matabwa ndi kumangira masikuluwu. Koma maonekedwe ake, Aphungu! Ndi yobiriwira, anaipanga ngati chule wa m'makatuni a ana, maso ali tong'o.

Mwezi watha a Gladson, kontilakitala wodziwika kuno, ananditenga pa ganyu yokonza nyumba ya aphunzitsi ena opuma ntchito ku Nsaru. Mwana wa aphunzitsiwo ankakwatiwa Loweruka, koma zitseko zisanu ndi siling'i ya pabalaza zinali zisanaikidwe. Nditatulutsa dirilo yanga, amisiri anzanga anaseka mpaka misozi. Mmodzi wa iwo, a Nasoni, anati, "Achemwali, mwalanda chidole cha mwana eti?" Ine ndinangopitiriza ntchito yanga.

Lachinayi m'mawa magetsi anazima, ndipo sanayake mpaka Lachisanu madzulo. Makina a nthambo a amisiri anzanga aja anangoti zii. Ine ndinakwera pamakwerero ndi chule wanga, batire lina likugwira ntchito, lina likutchajidwa pa sola ya eni nyumba. A Nasoni omwe aja ndiwo ankandigwirira mabolodi a siling'i. Nditamanga chitseko chomaliza, mayi a m'nyumbamo analulutira mpaka aneba anabwera kudzaona.

Pano anthu akumaimba foni kufuna "mayi wa chule uja", ndipo ndapeza kale ntchito zitatu. A Gladson nawo akufuna kundilemba ntchito yokhazikika, koma akuti ndiyambe ndapenta dirilo yanga ndi penti wakuda chifukwa makasitomala aulemu angatiyese osewera. Ntchitoyo ndikuifuna, ndili ndi ana awiri. Kodi ndipente?

S.K., Namitete

Mayi S.K.,

Choyamba landirani ulemu wanu. Munasekedwa, simunabweze mawu, ntchito ndiyo inakuyankhirani.

Musapente. Ena amalipira alembi a zikwangwani kuti adziwike, inu dzina lakupezani lokha. Komanso penti akalowa m'timabowo totulutsira mpweya wotentha, makinawo adzapsa.

Pitani kwa a Gladson mwaulemu, muwaonetse mayina a anthu atatu amene akuimbirani aja. Muwafunse kuti, mwa amenewa ndani wadandaula za chule? Iwo ndi munthu wa bizinesi, adzamva. Akaumirirabe, auzeni kuti muzigwira nawo ntchito ina ndi ina pamgwirizano, kwinaku mukusamala makasitomala anu. Kumbukirani kuti iwo ndiwo akufunani, simunakagogode pakhomo pawo.

Koma chisangalalo chisakutsekeni m'maso. Zida zokongoletsedwa chonchi zambiri amazipangira ntchito zopepuka. Pa matabwa ndi mabolodi yanuyo yaonetsa mphamvu, koma musaikakamize pa konkire. Ntchito zikamabwera, gulani dirilo ina yaikulu. Jambulaninso pa foni nyumba iliyonse musanayambe ndi mutamaliza, kuti wokayikira aziona yekha.

Chenjezo langa ndi ili: mumagwira ntchito m'nyumba za anthu, momwe muli ana. Kwa mwana wa zaka zitatu, chimenecho ndi chidole ndithu. Mukatsika pamakwerero, ngakhale kukamwa madzi okha, chotsani batire muike m'thumba mwanu. Dzina labwino mwalipeza m'masiku awiri, ndipo chala chimodzi cha mwana wa eni nyumba chikhoza kulifafaniza.

Aphungu