Alendo a Baba

Lolemba, 4 Okutobala
Kandege kopanda munthu kaja kabweranso. Tsiku lachitatu kakulira pamwamba pa mudzi ngati udzudzu m'khutu. Mutu waukulu.

Masana kwafika anthu awiri, mfuti paphewa, kayankhulidwe kachilendo. Baba, bambo anga, awalowetsa m'nyumba ya alendo, tiyi pompo, nkhosa yazingidwa. Ndawanong'oneza Babawo kuti mmodziyo ali ndi foni, ndipo kandegeko kamatsata mafoni. Andiyang'ana ngati ndatukwana. Akuti munthu wa mtundu wathu, Mpashtuni, safunsa mlendo kumene wachokera.

Lachiwiri, 5
Takangana. Baba akuti paunyamata wawo anamenyana ndi akasinja m'mapiri muno, mdani akumuona nkhope, chomenyeranacho akuchidziwa. Ndawauza kuti mdani wa lero ali pampando kutsidya kwa nyanja, ngakhale dzina la mudzi wathu salidziwa. "Ndiye ndi wamantha," atero. Wamantha kapena ayi, amapha.

Mng'ono wanga Khaista waseka, akuti ndakalamba kuposa Baba. Akudya ndi alendowo ndi iyeyo. Ndapsa mtima.

Lachinayi, 7
Dzuwa litakwera, ndili kumunda wa maapozi. Mluzu wa bomba, kenako nthaka inadumpha. Nyumba ya alendo kulibe. Fumbi, fungo la nyama yopsa, mkono wa munthu mumtengo wa mabulosi.

Amuna anathamangirako ndi mafosholo, monga timachitira nyumba ikagwa. Bomba lachiwiri linagwera iwowo. Anafa asanu ndi mmodzi. Msuweni Torjan tamudziwira nsapato.

Khaista anali pansi pa khoma, wamoyo. Timamumva bwinobwino akuitana Baba. Kandege kakuzungulirabe. Baba anatola fosholo, ine ndinawagwetsa pansi n'kuwakhalira pamsana, bambo wanga wondibala. Anandiluma dzanja mpaka magazi, akunditchula galu. Sindinawasiye.

Mawu a Khaista anasiya nthawi ya pemphero la masana.

Lachisanu, 8
Kumwamba kuli zii. Khaista tamufukula m'mawa. Zikhadabo zonse zinathothoka, amadzikumbira yekha.

Kumanda sikunasonkhane anthu, aliyense akuopa kuima pagulu. Tinalipo atatu: ine, Baba ndi mullah, shehe wa kumzikiti. Kuyambira dzulo Baba sanandiyankhule. Titafika pamalopo anandipatsa fosholo, maso ali kumbali.

"Kumba," anatero. "Lero sukuopa."

Ndakumba.