Madzi a M'kapu Anakwanira a Soko

Kasenengwa, Lachitatu, dzuwa litapendeka, nditangochoka kopalira nsawawa.

Takondwa mdzukulu wanga,

Uli bwanji ku Kitwe kumeneko? Chifuwa cha kamwana kako chinaleka? Kuno tadzuka, maondo okha ndiwo andikana.

Ndamva kuti atate ako a Yosefe, chilowereni mpingo wawo wobatiza mumtsinje, akuuza anthu kuti agogo ako a Soko anafa osapulumuka. Atate akowo anafika maliro ataikidwa kale. Ine ndinalipo, ndiye tchera khutu.

Ukudziwa kuti a Soko anakalamba akukhala pa benchi la kumbuyo m'tchalitchi chifukwa cha mitala, ine ndi mkazi mnzanga a Dolika. Ubatizo ankaufuna, koma lamulo linkati asiye mmodzi. Iwo ankati munthu sataya mkazi ngati nsapato yothina.

Tsiku lija mmawa mpweya unayamba kuwathawa. Mvula inali itadzaza dambo, akatekisiti ndi njinga yawo anangoima kutsidya. A Soko anandigwira chitenje, akuti Magalita, kodi ndipita chonchi?

A Dolika ndiwo anayamba. Iwe ukuwadziwa, ndi a mpingo wina uja wa ku Tamanda, ndipo ine ndi iwo takanganapo ngakhale za nkhuku. Anagwada pamphasa nawauza a Soko kuti ukwati awamasula, kuyambira pamenepo ndi mlongo wawo chabe. Kenaka anandikalipira kuti ndikuyang'ana chiyani, madzi ali mumtsuko.

Ine sukulu ndinalekera Giredi 2, koma katekisimu ndinamumeza yense. Pangozi ya imfa Mkhristu aliyense angathe kubatiza. Ndinatunga madzi m'kapu yawo ya tiyi, a Dolika atawanyamula mutu, ndinathira katatu pamphumi, ndi kutchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Dzina anasankha okha, Matiyasi. Dzuwa lisanafike pamutu anapita.

Ndiye kunabwera a Andireya, atcheyamani a mphakati wathu wa tchalitchi, amene amayenda ngati tchalitchi anamanga ndi malovu awo. Akuti kwaya siyimba pamaliro a munthu wakunja, ubatizo wa nkhalamba ya kumunda suwerengedwa. Ndinawafunsa ngati Mulungu amayamba waona satifiketi asanalandire madzi.

Madzi ataphwera Abambo, ansembe athu, anawoloka, mkanjo atakwinyira m'maondo. Anandifunsa mawu amene ndinanena, ndinabwereza. Anafunsa ngati mwiniwake anafuna, a Dolika anayankha kuti anafuna kuyambira tsitsi lili lakuda. Abambo anati ubatizo umenewo ndi wathunthu, iwo sangawonjezepo kanthu. Anatinso ngakhale madzi akanasowa, Mulungu sakanalephera kuona chimene munthuyo ankalira.

Agogo ako anaikidwa ndi Misa, mtanda kutsogolo. A Andireya omwewo ndiwo anaunyamula.

Za kuya kwa madzi ine sinditsutsana ndi atate ako. Amene akufuna mtsinje alowe, ng'ona zikamulola. Koma asamaike bambo wawo kumoto pamaso pa adzukulu, pamene munthu anapita atagwira dzanja langa, nkhope ili yonyowa, akuyankha Amen.

Ambuye akusunge, iwe ndi a kunyumba kwako. Undiperekere moni kwa mkazi wako Esther ndi ana.

Ukatha kuwerenga kalatayi upite nayo kwa atate ako, uwawerengere mokweza, usadumphe mzere. Ngati akadali ndi mawu, abwere adzawanene kuno pamaso pa a Dolika.

Ndine agogo ako,
Magalita Soko