Pitikoti ya Arlene ndi Njuchi za Abambo

Wilber, Nebraska
19 Meyi 1957

Okondedwa Amayi,

Kuno kwacha bwino. Mvula inawaza m'bandakucha, tsopano dzuwa likuwala m'munda wa tirigu, madzi akudonthabe padenga, ndipo nkhumba zikulirira chakudya ngati sizinadyepo chibadwire. Belu la kutchalitchi lalira kale koma mchemwali wanga Arlene adakali m'tulo, ndipo Abambo ati timusiye.

Mukudziwa kuti dzulo unali ukwati wa msuweni wathu Marvin. Chimene sitinakuuzeni n'chakuti chipitire inu kuchipatalako, Arlene sanapondeko kugule. Amangoti mutu ukumuwawa. Ulendo uno anavomera chifukwa cha siketi yobiriwira ija munamusokera musananyamuke. Koma siketi yotambalala choncho, popanda pitikoti ya neti mkati, imangolendewera ngati thumba.

Azakhali a Vlasta anabweretsa pitikoti yakale ya mwana wawo. Anaiviika m'madzi a shuga kuti iume gwa, monga achitira atsikana onse, n'kuiyanika pa ambulera yotambasula kuseri kwa nyumba. Anaiwala kuti kuseriko n'kumene kuli ming'oma ya njuchi ya Abambo. Pochokera kusukulu ndinapeza ambulera yonse ili bii ndi njuchi, Azakhali atadzitsekera m'khitchini.

"Achimwene, chotsani zilombo zanuzi!" anakuwa pawindo.

"Mwaziitana nokha, achemwali," anatero Abambo. "Mlendo sathamangitsidwa ali mkati mwa kudya."

Njuchi zitakhuta, Arlene anaiyesa. Anangozungulira kamodzi, miyendo yonse psuu, yokalikakalika.

"Kutchena n'kupirira, mwanawe," anatero Azakhali. "Tonsefe tinakalidwa."

Arlene anaivula n'kuiponya pakona. "Sindipita. Amayi akanakhalapo..." Sanamalize.

Amayi, masiku aja ndinkakhala pansi pafupi ndi makina anu osokera, inu munkati ndikuwerenga buku. Ine ndinkayang'ana manja anu. Ndiye Lachitatu nditaweruka ndinachapa shuga yense, n'kusula netiyo. Ndinaona kuti chokala munthu ndi m'mphepete modulidwa ndi misoko yoyang'ana mkati. Ndinapendera m'mphepetemo ndi riboni, misoko ndinaitembenuzira kunja, ndipo neti ndinaikwinyakwinya n'kuisokera pamwamba pa kasiketi kofewa, kuti iime ndi makwinya ake, osati ndi shuga. M'chiuno ndinaikamo mpira wotambalala.

Nsalu yofewayo ndi matumba a ufa amaluwa aja munachapa n'kusungira makatani. Ndadula awiri. Mundikhululukire.

Ndili mkati mosoka, Abambo anatulukira pakhomo la chipinda chanu. Ndimati anditumiza kukhola. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Msoko wakowo wakhota ngati mizere ya amalume ako a Emil akalima atalawa," anatero.

Kenako anakhala pabedi kuti andigwirire neti isapiringizike. Koma manja awo ndi okhakhala, neti inkangowakola, mpaka anavala masokosi m'manja. "Ukauza munthu, ukagona ndi nkhumba," anandiopseza. Inu musaulule kuti ndakuuzani.

Muholo munatentha dzulo masana, anthu thukuta kamukamu. Pomwe woimba akodiyoni amayamba polka yachitatu, shuga anali atasungunuka. Mapitikoti a atsikana anafota, ena anamatirira pamabenchi, ntchentche zikuwalondola. Koma Arlene! Siketi yake inkatambasuka ngati duwa, iye akuseka kuseka kuja kwa pakamwa ponse, kumene sitinakumve chichokere inu. Sanadzikande ngakhale kamodzi. Ndinali kukhoma, ndinaona zonse.

Azakhali anamugwira mkono. "Iwe, imeneyi wagula kuti?"

"Telala wanga ndi uyo wagwirizira khomayo, lingagwe," anatero Arlene akundiloza.

Anyamata a m'kalasi mwathu anamva. Mmodzi anafuula kuti, "Delmer, undisokereko yanga, ya pinki!"

"Bwera ndi nsalu yambiri," ndinatero, "chiuno chakocho si chamasewera." Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera, koma anasekedwa ndi iyeyo. Mawa kusukulu ndiziona.

Georgia, mwana wa a Kovanda, akuti akufuna yake. Anandikokeranso pakati kuti tivine, ndinamuponda mapazi kangapo. Za iyeyu palibe choti ndilembe.

Chonde mundiuze kumene mumasunga mafuta a makina, akulira. Ndiponso chifuwa chili bwanji? Musangoti bwino, monga muchitira.

Tinabwerako dzuwa litangolowa. Abambo ankayendetsa galimoto akuimba. Arlene anagona kumbuyo, nsapato zili m'manja. Azakhali tinawasiya kwawo, pamodzi ndi mwana wawo amene anakhalira nyuzipepala njira yonse poopa kumatira pampando. Ine ndinanyamula mbale ya makolache, timabanzi totsekemera tija. Pageti anatichingamira galu. Mpando wanu wakutsogolo unabwera wopanda munthu, palibe anafuna kukhalapo.

Matumba amaluwa atsala anayi. Makataniwo ndikanatha kusoka, koma sindiwakhudza. Akudikira inu.

Abambo ndi Arlene akupereka moni.

Ine mwana wanu,
Delmer