Bowo Lopanda Chipolopolo

Loweruka, 4 Meyi

Mphepo tsiku lonse. Ng'ombe ziwiri zabereka. Ndabwera nayo mfuti yanga yamakono kuchokera ku tauni ya Cody, yonyezimira ngati poto watsopano. Amuna anga, a Delbert, angoiyang'ana cham'mbali. "Mfuti ya alesi iyi, mayi. Kungofinya basi yalira? Ndi mphaka yemwe angawombe." Yawo ndi ija ya akauboyi, yosiyidwa ndi bambo awo. Kuti ilire, uyambe wakokera kanyundo kakumbuyo ndi chala chachikulu, chipolopolo chilichonse. Zaka makumi anayi ndili pamitala ndi mfuti imeneyi.

Lachiwiri, 7 Meyi

Kuseri kwa khola, zitini pampanda, tikuyeserera kuwomba. Andiphunzitsanso lamulo lawo lija ngati ndabwera dzulo: mabowo asanu ndi limodzi, koma zipolopolo zisanu. Bowo la pansi pa kanyundo likhale lopanda kanthu, kuopa kuti mfuti ikagwa ingalire yokha n'kukuboola phazi. Ndati yanga ilibe matenda amenewo, imadya zonse zisanu ndi chimodzi. "Wodzaza mabowo onse sanaleredwe," atero. Chabwino. Ine ndagwetsa zitini zinayi. Iwo ziwiri, ati mphepo. Mphepo yake yosankha munthu!

Lamlungu, 12 Meyi

Mpikisano wa mfuti zakale ndi Loweruka likudzali. Chipewa asasa, jombo apolisha, ndevu apotokola. Kumeneko aliyense ali ndi dzina lodzipatsa, iwo ndi Mkango wa ku Shoshone. Mkango woopa jakisoni.

Koma m'mawa, pokonzekera kutchalitchi, batani la malaya lawakanika. Chala chachikulu chatupa. Nyamakazi ija yabweranso. Ndawamangira ine, aliyense akuyang'ana kwake.

Loweruka, 18 Meyi

A Delbert sanamalize mpikisano. Pa chipolopolo chachitatu kanyundo kakana kubwera. Ayesa kawiri, chala chotupa chija osagwira, anthu onse akuonerera. Orval, mnzawo wa paubwana, wati, "Mkango wakhuta lero anthuni, ulekeni ugone." A Delbert aseka nawo. Tabwerera kunyumba. Mfuti aipukuta, aikulunga m'nsalu, aiika pamwamba pa kabati.

Mtima ukundiwawa. Akasiya kuwomba munthuyu atsala ndi chiyani? Mpando ndi wailesi. Bambo awo anatha choncho, chaka chimodzi chokha.

Lachitatu, 22 Meyi

Ndawauza ayeseko yanga, siifuna chala chachikulu. "Bola ndizigenda ndi miyala." Ndiye gendani, ndatero. Sanagende. Wailesi kuyambira m'mawa, mitengo ya ng'ombe, nyengo, mitengo ya ng'ombe. Zitini zili phee pampanda, zikunenepa.

Lachisanu, 31 Meyi

Ndinapita kutauni kukagula mchere wa ng'ombe. Pobwera ndawapeza pakhonde, manja pamimba, nkhope ngati ya mkulu wa mpingo. Ati tsiku lonse amakonza mpanda. Ndapita kukauona. Mpanda uli momwe unalili. Zitini ndiye zili pansi, zobooka zokhazokha.

Ndatulutsa mfuti yanga m'bokosi lake. Yopukutidwa bwino kuposa momwe ndimapukutira ine mwiniwake. Dzulo ndinaisiya ndi zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Lero muli zisanu. Bowo limodzi lopanda kanthu, pansi pa kanyundo penipeni. Wakuba wake woleredwa bwino.

Ndinaseka ndekha m'chipinda, kenako misozi. Pa chakudya ndangofunsa kuti mphepo inali bwanji lero. "Inalibe vuto," atero, maso ali m'mbale.

Mawa ndipitanso kutauni. Mchere ndagula kale, koma chogula sichisowa.