Ngodya Yokana Zopanira

Lolemba, 9 Juni

Mabatani afika! Ofiira psuu, pamodzi ndi kandodo kowongolera gemu. Ndabisa m'thumba la zidutswa za nsalu, pansi pa makina osokera. Kumeneko amuna anga, a Champiyoni, safikako.

A Ch. akananso kampira lero. Chiwagwirireni sitiroko ija, dzanja lamanzere amangolisunga m'thumba la jekete ngati lobwereka. Kuchipatala anawapatsa kampira koti azifinya, iwo akuti, “Ine si mwana.” Kali pawindo, kakusonkhanitsa fumbi. Adokotala a mafizo anandiuza mosapsatira kuti dzanjalo likapanda kugwira ntchito liuma. Mawu amenewo amandisowetsa mtendere.

Ndiye ndaganiza zanga. Bambo amenewa ndinawapeza pa makina a gemu, m'sitolo ija ya pafupi ndi siteji, akukwapula anyamata onse, ine nditaima kumbuyo ngati ndikudikira basi. Kandodo ankagwira ndi lamanzere lomwelo. Ndiwapangira makina awoawo. Kompyuta yakale ilipo, mawaya adzalumikiza wokonza mafoni. Yanga ntchito ndi bokosi lathabwa loikapo mabatani ndi kandodo.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinapita kwa achimwene kukabwereka sowo, guluu ndi zopanira matabwa ziwiri. Ukalipentala wawo wonse unawakwera kumutu. Akuti, “Chemwali, thabwa si diresi. Ukalakwitsa palibe zomasula ulusi.” Ndawayankha kuti munthu wodziwa kulumikiza dzanja la jekete paphewa sangaope thabwa. Aseka mpaka kutsokomola, koma andipatsa, n'kuwonjezera thabwa loyera mbali imodzi.

Chinthu chimodzi anena chanzeru: pamwamba pa bokosi pasakhale fulati, papendekeke kuti mkono uzitsamira. Kupendekeka bwanji? Akuti ndikafunse mkono wa mwiniwake.

Lachitatu, 11 Juni

Ndanama bodza la mtunda wautali. Ndawauza a Ch. kuti ndikufuna kuwasokera shati. Ndawakhazika patebulo, ndaika katoni pansi pa mkono wodwalawo, kukweza, kutsitsa, kukwezanso, mpaka ndaona tsinya lachoka pamphumi. Pomwepo ndalemba mzere ndi choko.

Iwo: “Shati yanji yoyezera pakatoni?”

Ine: “Sitayilo yatsopano, inu simungaidziwe.”

Angondiyang'ana cham'mbali. Pateni yanga ndadula papepala monga mwa masiku onse.

Lachinayi, 12 Juni

Ndadula mbali ziwiri, zonse zakumanzere. Ine! Telala wophunzitsa anzanga kuti pateni amaitembenuza! Ina kuyera kunja, ina kuyera mkati. Achimwene asamve, angandiimbe mpaka Khirisimasi.

Lachisanu, 13 Juni

Ndazula shelefu ya m'wodilopu, mbali yakumanja yapezeka. Mabulangete akhala pampando kaye.

Vuto lagwa pamene thabwa lapamwamba likukumana ndi lakutsogolo. Ndinasema m'mphepete mwa limodzi mopendekeka, ndikalumikiza mpata woti chala kulowa. Ndinasemanso, mpata kukula. Mutu unaima. Ndinalankhula mawu oti sindingalembe ngakhale muno.

Masana achimwene anatulukira okha, akuti akudutsa. Bodza, anabwera kudzaseka. Anaona kamodzi n'kuti, “Wasenzetsa thabwa limodzi ngodya yonse. Gawa pakati, ili lipereke theka, ilo theka.” Anayamba za madigiri, ine ndinangotenga pepala la pateni lija, n'kupinda ngodyayo pakati ngati kolala. Anati ndi zomwezo, kungoti zanga n'zopanda ulemu.

Achimwene akutuluka ndinamva a Ch. pakhonde: “Alamu, shati yangayo akusoka ndi sowo?” Achimwene: “Ine alamu sindikudziwa kanthu, ndabwera kudzamwa madzi.” Ndiye ndinamva kuseka. Kuseka kwa a Ch. kwenikweni, kuja kotulukira m'mphuno. Kuseka kumeneko ndinakusowa, abale.

Loweruka, 14 Juni

Matabwa aja akumana! Gwa, osalowa ngakhale singano. Ndavina ndekha m'chipinda chosokera, utuchi mpaka m'tsitsi.

Lamulungu, 15 Juni

Ndilembe msanga ndisanaiwale kanthu.

Titadya masana ndinati ndimate. Ndinapaka guluu mbali zonse, kulumikiza, kuika chopanira. Tereree, chagwa. Kuikanso, chagwanso, chachiwiri n'kundigwera pachala chaphazi. Zoona, chopanira chingagwire bwanji pamalo opendekeka? Achimwene zimenezi sanandiuze, ndipo foni yawo inali yozima. Guluu akuyamba kuuma, matabwa akutsetsereka, ine manja awiri okha. Ndinaganiza zomanga ndi timizere ta nsalu, koma agwire ndani ine ndikumanga? Misozi inali pafupi.

“Shatiyo yavuta?”

Kutembenuka, a Ch. ali pakhomo. Kaya anaima nthawi yaitali bwanji.

“Gwirani apa,” ndinatero, manyazi onse atathawa.

Anagwira thabwa lakutsogolo ndi lamanja. Lapamwamba linayamba kutsika. Tonse tinaliyang'ana likutsika. Ndinaluma mlomo. Kenaka ndinaona phewa likugwedezeka, dzanja lija likutuluka m'thumba pang'onopang'ono, mpaka lafika pathabwa. Zala zikunjenjemera, mitsempha ya pakhosi itaima, koma thabwa linaleka kutsika.

“Musandiyang'ane ine, mayi. Mangani.”

Ndinamanga. Nsalu yamaluwa, yamizeremizere, lamba wa diresi ya kasitomala amene sanabwerenso, zonse zinapita pamenepo. Bokosi likuoneka ngati lavulala pangozi. Ngodya ili gwa.

Anakhala pampando wanga wosokera, thukuta kamukamu, akuchotsa guluu pazala zamanzere chimodzichimodzi. Ine ndinkanamizira kusesa.

“Mabatani ofiira aja ali m'thumba la zidutswa,” anatero, “bweretsani ndione.”

Ha! Munthu anadziwa kuyambira Lolemba, n'kundisiya ndikuvutika ndi bodza la shati sabata yonse. Ndinawaponyera kansalu kumaso. Nditabweretsa, anatembenuza kandodo uku ndi uku, akuti n'kopepuka, ka masiku aja kanali kolemera. Akutinso bowo lake ndisaboole ndekha, ndingaliike pamene amaika batani la malaya.

“Ndipatseni choko.”

Mwachizolowezi ndinapereka kudzanja lamanja. Anapukusa mutu, n'kutambasula linalo. Choko chinagwa, ndinatola. Chinagwanso, anatola okha. Kachitatu analemba kamtanda pathabwa, kokhota ngati phazi la nkhuku.

Mawa ndiboola pomwepo.